Zojambula Zanga Zasanduka Zokulungira Mtedza

Matero, Lusaka
Okutobala 1978

Okondedwa alongo anga a Filomena,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Guilleme kumeneko. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno thupi lili bwinobwino, koma mtima ndiwo ukuwira, ndipo mwauwiritsa ndinu.

Mtedza munapatsira a Yoram, dalaivala wa lole uja, ndalandira. Zikomo. Koma nditamasula phukusilo ndinachita kukhala pansi. Pepala munakulungira mtedzalo ndi tsamba la nthano yanga yazithunzi, lojambula ndi dzanja langali, limodzi mwa aja ndinasiya m'sutikesi ya amayi. Lafika lili makwinya okhaokha, mafuta atalowerera mpaka kuseri. Nditawafunsa a Yoram, anandiyankha akuseka kuti madalaivala onse a pa boda amawadziwa mapepala amenewa, ndipo amakutamandani kuti mwa amayi onse ogulitsa mtedza, inu nokha ndi amene mumakulunga m'pepala losang'ambika. Ine sindinaseke nawo.

Akuti munawauza kuti ndisadandaule, chifukwa kabuku kosindikizidwa ka nthanoyo kaja munakasunga m'pulasitiki pamodzi ndi makhadi a chipani, ndipo omwe mukukulungirawo ndi akuda aja, odzaza ndi zofufuta. Alongo, inu mlimi wa mtedza, mwasunga makoko n'kutaya mtedza wake! Timabukuto makina amalavula mulu wonse tsiku limodzi. Tsamba lojambula pamanja limakhala limodzi basi, likapita lapita.

Zomwe mukuti zakudazo ndiyo ntchito yeniyeniyo. Pansi pali pensulo yabuluu, pamwamba pake inki. Poyera ngati laimu ndi pomwe dzanja linaterereka, ine n'kuphimba ndi utoto. Mthunzi wa pankhope ya munthu sitichita kupaka ngati tikuzira nyumba ayi. Ndimakoka timizere ndi nibu, kansonga kachitsulo ka cholembera, kamodzikamodzi, kenako tina topingasa, ndipo pomwe pakufunika mdima timizereto timathithikana. Bulashi ndimaiyamba moigwiritsa, n'kumaipepuza mpaka mzere uthere ngati tsitsi, mpweya nditaugwira. Msana wangawu unapindikira pamenepo. Lero zonsezo zikutha ndi zala zamchere, kenako kuponyedwa pawindo la lole.

Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi tsamba limodzi. Pali mkulu wokonza njinga atakhala pa chitsa, tcheni chili m'manja. Amene aja ndi malemu atate. Ndinawajambula chilimwe chawo chomaliza, iwo akung'ung'udza kuti ndikuwachedwetsa ntchito. Mukudziwa nokha kuti atate sanaimepo pamaso pa kamera. M'kabuku mukukanyadirako makina anachepetsa chithunzicho, timizere tonse tinagwirana, nkhope n'kusanduka khala. Pa tsamba langalo pokha ndi pomwe pakuoneka chipsera cha pachibwano chija, ndi diso lawo lakumanzere lomwe linkatsinzina akamaseka. Simunawazindikire atate anu, kapena simunayang'ane n'komwe?

Za kuno n'zochepa. Ntchito kosindikiza mabuku ikuyenda, ngakhale kutentha kwafika poumitsa inki pa nibu ndisanamalize mzere. Sopo ndi mafuta ophikira tikuchita kuimira pamzere, ndipo mwininyumba wayambanso kudandaula kuti ndimadetsa tebulo lake. Zonsezi ndikanapirira ndithu popanda phukusi lanuli.

Pempho langa ndi limodzi. Lekani lero lomwe. Masamba otsalawo muwatulutse m'dengu la malonda, muwaike chogoneka pakati pa makatoni awiri, mumange ndi luzi, mupatsire a Yoram akamabwera. Musawapinde, musawasite, ndipo chonde musayese kuwayeretsa ndi nsanza yonyowa, chifukwa ndikukudziwani pa nkhani ya ukhondo. Ndakutumizirani mtolo wa mapepala otaya a kuntchito kuno, olimba ndithu. Amenewo kulungirani mpaka madalaivala anuwo akhute.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Greyson, ngakhale nawonso ankangoonerera, kwa atsibweni ku Ludzi, ndi kwa ana onse. Amayi muwauze kuti ndimawakumbuka masiku onse.

Tsamba la atatelo lokha musanditumizire, mulibwezere m'sutikesi momwe linali. Ndikunyamuka, amayi anandipempha kuti ndilisiye, ati akawasowa amuna awo azitsegula n'kuwaona. Mukalipeza, ndilembereni msanga mtima wanga ukhale pansi. Koma ngati linapita kale ndi dalaivala wina, musavutike n'kundilembera ine. Mukawauze amayi ndinu, pamaso.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Timoteyo