Musampereke Enifa kwa a Isake

Mitundu,
12 Seputembala, 1996.

Okondedwa achimwene Efulemu,

Kalata yanu yochokera ku Joni yafika, ndipo ndikuyankha ndili wokwiya kwambiri. Inuyo mwavomeradi kuti mng'ono wathu Enifa akalowe m'nyumba ya alamu a Isake kwa Nathenje, m'malo mwa malemu Jacinta? Mwana wa Fomu 2, achimwene! Pamanda a mkulu wake sipanamere ndi udzu womwe.

Mukuti amalume akuuzani kuti a Isake anachira. Anachira chiyani? Jacinta anandiuza yekha ali gone pamphasa kuti anakayezetsa magazi ku Lilongwe awiriwo, ndipo onse anawapeza ndi kachilombo. Chimene chachitika n'chakuti a Isake anamwa mankhwala a sing'anga wina wa kwawoko, agulitsa fodya, anenepa, basi mudzi wonse ukuwomba m'manja. Ati munthu wa Edzi sakhala ndi masaya otere!

Ine ndinapita kukafunsa anamwino kuno. Akuti m'magazi mwathu muli asilikali amene amakazindikira kachilomboka n'kumakapha, n'chifukwa chake munthu amatha zaka akuoneka bwinobwino. Koma iko kakamaswana kamasintha maonekedwe. Asilikali akamakasaka ndi nkhope yakale, iko kadutsa kale ndi nkhope ina, mpaka iwo amatheratu. Ndinangokumbukira anyamata aja ankatibweza pachipata cha msika chifukwa cha khadi la chipani. Lero avala malaya a mtundu wina, ndipo tikuwapatsa moni ngati si omwe aja.

Nditawafotokozera amalume, anandiseka. "Iwe Eneless, kachilombo kovala malaya unakaona kuti? Nanga ana a Jacinta alera ndani, iweyo?" Ndinati eya, ndilera ine, ngakhale anganso akundipanikiza kale. Ati ndikuchita nsanje. Nsanje, ine!

Chonde, achimwene, inu ndinu mlongo wake weniweni. Mukakana inu, amalume sangakakamire. Lembani lero lomwe, kapena kwerani basi mubwere. Bulangete mukuti mwagulira ukwatilo musatumize, ndidzaliwotcha ine.

Amayi akupereka moni, miyendo ikuwavutabe. Moni wa Enifa sindinautenge, chifukwa amalume anamutumiza kwa Nathenje Loweruka, ati akangothandiza kuphikira ana. Anati abwerako Lolemba. Lero ndi Lachinayi.

Ndine mlongo wanu,
Eneless.