Chipilala cha ku Roma Chanditengera Mdzukulu

Lolemba, 9 Meyi 2016
Ku laibulale ya ku Cannington, kuno kudziko la azungu, msonkhano wa nkhalamba. Ine ndinatsatira mabisiketi aulere. Mayi Margreth, mzungu, mphunzitsi wopuma, kutionetsa zithunzi za chipilala cha ku Roma. Mfumu Trajano inachimanga itapha anthu a dziko lina n'kuwalanda golide. Akuti chipilalacho chimadzudzula nkhondo, poti asilikali osemedwapo ambiri akumanga milatho ndi kusenza katundu, omenyana ndi ochepa. Ndinafunsa: fisi akadzijambula akusesa m'khola, ndiye kuti wasiya mbuzi? Anaseka ndi mdala wa ku Chipata yekha. Mabisiketi ouma gwa.

Lachinayi, 12 Meyi
Migodi yakhuta, sikufunanso anthu. Mkamwini wanga Edmund pa sofa chaka chonse, rimoti m'manja ngati ndodo yaufumu. Lamson, mdzukulu wanga, anaphunzira kuwotcherera zitsulo kuti akalowe kumgodi. Tsopano akuti usilikali. Edda, mayi ake, sakudya.

Lamlungu, 15 Meyi
Edda akuti, "Ababa, inu amakumverani. Mupite naye kwa mayi wa zithunzi uja akaone kuipa kwa nkhondo." Kunditumadi kukagulitsa mankhwala omwe ndawanyoza ndekha! Ndavomera. Ndi mwana wanga, analira.

Lolemba, 23 Meyi
Tinapita. Ine phee ngati dikoni, mutu kugwedeza. Lamson maso pazithunzi, osaphethira. Pobwerera m'basi, m'Chingerezi chake cha m'mphuno chija: "Agogo, mwaona? Akungomanga. Ndi zomwe anandiuza kolembera asilikali: ntchito yamanja, malipiro, kumenyana n'kochepa."

Mwala wa zaka pafupifupi zikwi ziwiri, ukadalembabe ana a eni usilikali. Trajano, mbava iwe, ndakuvulira chipewa.

Ndinafuna kumuuza za bambo anga. Nawonso ku nkhondo ya ku Burma anapita kukangosenza katundu. Atabwerako, bingu likagunda ankakwawira kunsi kwa nkhokwe, munthu wandevu. Pakamwa panga panatuluka nthabwala ya nsapato za asilikali. Anaseka mpaka misozi.

Lachisanu, 10 Juni
Lamson wasaina. Anyamuka mwezi wamawa. Edda tiyi akungondiikira patebulo n'kuchokapo.

M'mawa uno ndinamupeza kugalaja. Ndinati, "Lamson, khala pansi, ndikuuze za bambo anga, agogo ako aakulu."

Anakhala. Koma anali atayamba kale kumwetulira, kudikira poti aseke.