Dothi la ku Alaska mu Filiza Yathu

Lolemba, 3 Febuluwale

A Jackie, ofufuza a ku yunivesite aja, andipatsa chidutswa cha dothi la ku Alaska. Lakhala louma gwa ndi chisanu zaka masauzande, pano kwawoko likusungunuka poti dziko likutentha. Ntchito yanga ndi kuyeza mpweya womwe limatulutsa, ndikaonetse pa mpikisano wa sayansi kusukulu. Lamulo lawo: asaligwire wina aliyense, apo ayi andichotsa pa kafukufuku. Ndaliika mu filiza, kuseri kwa nkhuku.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Wina wabenthula pakona. Ndafunsa. Adadi: "Iwe, ife tizidya matope?" Amami kuseka. M'nyumba muno zanga zonse ndi nthabwala.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Lachepanso. Sindikuyankhula ndi munthu.

Loweruka, 8 Febuluwale

Ndinanama kuti ndikupita ku laibulale, ndinakabisala pa masitepe n'kubwerera monyang'ama. Anti Lenifa, ang'ono awo a amami omwe tikukhala nawo, ali chiimire pa filiza, mpeni m'manja, akutafuna. Maso atatseka!

Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Iwo: "Wakisa mwanawe, ndimayesa ndi la kumudzi amako abisa. Likukoma ngati la pachulu." Kenako anagwira pamimba. "Usauze munthu. Mimba ziwiri zija zinapita padera, iyi ndikufuna ikhwime kaye."

Ndiye ine nditani? Latsala ngati kasopo kotha.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Kutchalitchi ndinakhala kumbuyo, maso pa foni. Akuti m'dothi lotere mumagona tizilombo takalekale, tina timadzuka likasungunuka. Ndikawauza a Jackie, kafukufuku wanga wathera pomwepo. Ndikangokhala chete... Anti anali kutsogolo mu kwaya, kuvina ngati palibe kanthu. Ndimafuna kuwagenda ndi buku la nyimbo.

Lolemba, 10 Febuluwale

Pa siteshoni ya Silver Spring sitima yomwe ndimakwera popita kusukulu yabwera, sindinakwere. Ndawaimbira a Jackie. Ndawauza zonse. Iwo: "Adya lochuluka bwanji? Upite nawo kuchipatala lero. Lotsalalo undibwezere, za mpikisano iwala."

Ndamenya chitsulo cha benchi ndi chibakera, chala chatupa.

Ndaimbira anti. "Valani jekete, ndikubwera kudzakutengani." Ndimangomva akufufuza makiyi m'chikwama.