Mvula inatipeza ndi Tadala panjira

Okondedwa achemwali,

Landirani moni pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Joni. Ine ndili bwino, koma Tadala akutsokomola.

Chimwalirireni amayi ake ndilibe womusiyira, ndiye ndikamapita ku kabaza ndimamumanga pachifuwa ndi chitenje. Lachiwiri ndinakatula mayi wina kuboda dzuwa likuswa mtengo. Pobwerera, titangodutsa pa Guilleme, kunada mwadzidzidzi. Ndinapalasa mwamphamvu koma matope anagwira matayala, mvula n'kutipeza pamtetete. Tinathawira m'chigafa cha fodya cha eni ake. Ndinavula malaya kuti ndimufunditse, koma nawonso anali atanyowa. Iye osalira ayi, ankangonjenjemera akundiyang'ana. Panjira sipanadutse munthu mpaka mvula inakata.

Kuchipatala anandipatsa mankhwala, anesi n'kunena kuti, “Bambo, mwanayu musamayende naye pamvula.” Ndinangoti chabwino. Nanga ndimusiye ndi ndani?

Achemwali, mukapeza wobwera kumudzi kuno mumupatsireko kajekete ka mvula, ka mwana wa zaka ziwiri. Komanso mundiuze, mwana akamakana phala mumatani? Amayi ake ndiwo ankadziwa, ine sindinawafunseko.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Yohane