Magazi Akwanu

Lolemba, 4 Novembala

Dalaiva wathu wagonekedwanso. Mwana wa achemwali, wa zaka zinayi, woyendetsa chilichonse ngati galimoto, ngakhale sopo. Lero sakuyendetsa kanthu. Wodi ya ana, bedi la pafupi ndi sinki yodontha. Timanja totupa ngati mabanzi, maso achikasu. Sikoselo yomwe ija, magazi opindika ngati chikwakwa.

Amuika botolo limodzi la magazi. Botolo lachiwiri akuti achibale tipeze kaye munthu wobwezera, nkhokwe yauma. Achemwali anapereka posachedwa, nthawi yawo sinakwane. Ine ndinapinda mkono wa bulauzi, koma atandiyeza kulemera anandikana. Nesi akuti, "Iwe tikakuchotsa botolo, tikugoneka pa bedi linalo." Ndinaseka nawo. Ndikanatani?

Watsala mmodzi, bambo ake a mwana. Achemwali sanawatchule, amangotembenuza foni m'manja.

Lachiwiri, 5 Novembala

Ku shopu tsiku lonse pa makina a fotokope. Abwana adula malipiro a dzulo, kenako n'kufunsa kuti mwana ali bwanji. Anthu.

Mawu a chaka chatha akungondilira m'makutu. Alamu akulongedza katundu, amayi awo ataima pakhomo manja m'chiuno: "Kwathu kulibe ana odwaladwala. Awa ndi magazi akwanu." Ndinatenga katoni n'kuwajambulira zimene tinaphunzira mu bayoloje, kuti mbewu ya matendawa iyenera kuchokera kwa mayi ndi kwa bambo, ya mmodzi yekha sidwalitsa mwana. Anati sukulu inandiwononga pakamwa. Katoni yomweyo anaikamo nsapato za alamuwo.

Wamagetsi wanga waimba. Akadali kutali ku ntchito ya mawaya, abwera sabata yamawa. Wapeza nyumba ya zipinda ziwiri, akuti tidzaidzaze ndi ana aphokoso mpaka alandilodi atithamangitse. Anafunsa za Dalaiva. Ndinati ndi malungo. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lachitatu, 6 Novembala

Ndapita kumene alamu amawotcherera mageti. Achemwali akanapita okha akanakapepesa pa mlandu wosalakwa.

Ndinapeza mkazi wawo watsopano atabweretsa chakudya, mimba patsogolo. Kamtsikana kaulemu, kanapukuta ndowa n'kuigadabuza kuti ndikhalepo. Ndinapita nditakonzeka kudana nako. Kandimana ngakhale zimenezo.

Alamu sanavule n'komwe magalasi owotcherera. Akuti aona. Ndinati, "Muone msanga alamu, bokosi limadula kuposa botolo." Anyamata awo anasiya kugogoda zitsulo. Bola amva.

Lachisanu, 8 Novembala

Abwera. Malaya ositidwa, kagalimoto kapulasitiki m'thumba. Apereka magazi, amwa chakumwa chotsekemera chaulere, azimayi a m'wodi akunong'onezana kuti bambo wabwino ameneyu. Dalaiva kusekerera, akuti adadi abwera. Achemwali kuthokoza ndi manja awiri. Botolo limodzi lafufuta chaka chonse cha njala ndi kutukwanidwa. Ine ndilibe chofufutira.

Nesi anapempha kuti a pabanja tonse tiyezetse ngati tili ndi mbewu ya sikoselo. Alamu anayamba kuyang'ana wotchi. Ndinatambasula mkono ine poyamba, mokweza, kuti wodi yonse ione. Ndinati kwathu sitiopa singano, kaya kwanu. Analowa m'msampha ngati mbewa. Zotsatira sabata yamawa.

Mwana milomo yayamba kufiira. Wayendetsa kagalimoto pa mkono wanga mpaka m'khosi, akuti ndi phiri.

Lachiwiri, 12 Novembala

Dalaiva watuluka.

Zotsatira. Nesi amaitana mmodzimmodzi m'kachipinda kamene chitseko chake sichitsekeka bwino, ine ndili pa benchi kunja. Alamu ali nayo mbewu. Ine zinandidabwitsa ngati? Katoni inanena kalekale. Koma kumva ndi makutu anga, kukoma kwake ngati madzi ozizira m'chilimwe.

Kenako mawu awo, otsika, a munthu wopempha ngongole: "Asisitala, izi zithere momwe muno. Madamu asamve, ali ndi pakati." Nesi anati iye saulula za munthu, koma mayiyo abwere adzayezetse, ndi bwino kudziwiratu mwana asanabadwe. Alamu anati aona. Anatuluka osandiyang'ana.

Kenako anaitana ine.

Lachinayi, 14 Novembala

Mvula. Makina anatafuna mapepala a kasitomala, ndinamukalipira ngati wawatafuna ndi iyeyo.

Ndawauza achemwali za alamu. Sanadumphe, sanalire. Amachapa zovala za mwana, anangoti zisiye, si zako, bola azibwera kudzaona mwana wawo. Si zanga? Amene ankanyamula Dalaiva kumsana kupita kuchipatala, iwo atafooka ndi kulira, anali ndani? Amene ankalozedwa kumsika kuti awo a magazi oipa aja?

Ndikufuna amayi a alamu amve. Ndikufuna ndiime pakhomo pawo manja m'chiuno, ndiwabwezere mawu awo limodzilimodzi. Ndipo kamtsikana kaja kali ndi ufulu wodziwa chimene kanyamula m'mimba. Mwamuna wobisa zotere ndi mfiti ya masana.

Wamagetsi waimba kawiri. Ndati zonse zili bwino.

Loweruka, 16 Novembala

Ndinapita kowotcherera kuja. Alamu kulibe, akaika geti kwa kasitomala. Mtsikanayo anali pa ndowa ija akuluka timasokosi tachikasu, poti sakudziwa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Anafunsa za Dalaiva, akuti amamupempherera.

Mawu onse ndinawakonzera m'njira anandithawa. Ndinangoti akapita kusikelo akapemphe amuyeze sikoselo, asafunse zambiri, aliyense woyembekezera ayenera kutero. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Si wopusa. Kenako anati, "Nanga inu asisi, munayezetsa?"

Ndinati zotsatira sizinatuluke.

Zinatuluka. Ndili nayo. Nesi ananena bwinobwino Lachiwiri lija, kuti ine sindidzadwala, koma amene ndikufuna kumanga naye banja abwere ayezetse. Akakhala kuti alibe, palibe vuto. Akakhala nayo, mimba iliyonse ndi maere, mmodzi mwa anayi. Ndinati ndikuzidziwa, ndinakhoza bayoloje. Kenako anandifunsa kuti ndibwera naye liti. Ndinati ndiona.

Ndiona. Pakamwa panga pomwepa.

Sindinawakhululukire alamu, zimenezo aiwale. Iwo anathawa mwana woti wabadwa kale, ine sindinathawe aliyense. Komabe. Wamagetsi nayenso ali ndi amayi ake, nawonso ali ndi khomo ndi chiuno choikapo manja. Akakana singano? Akavomera, n'kupezeka nayo? Zipinda ziwiri zija zidzakhala zii, kapena ndidzakhala ine pafupi ndi sinki yodontha.

Wamagetsi wafika m'tauni masana ano. Watumiza uthenga kuti ali m'njira, wanyamula makiyi a nyumba kuti ndiwaone. Ndasintha bulauzi katatu ngati zithandiza. Ndiyamba ndi kunena kuti sanali malungo. Kenako ndimuuza kuti

Akugogoda.