Ndinkayesa ndikugontha, kani linali phula la m'khutu

Aphungu,

Ndine mnyamata wa pa Nsipe. Masana ndimathandiza malume anga a Dauda m'golosale yawo, ndikaweruka ndimapanga nyimbo za chamba cha hausi pa laputopu. Amene amaimba m'nyimbozo ndi Aida, mnzanga wa kusukulu.

Mwezi wathawu tinachita manyazi. Mchimwene wake wa Aida ankakwatira ku Manjawira, ndipo anapempha kuti akwati alowere nyimbo yathu yatsopano. M'mahedifoni mwanga inkamveka bwino zedi. Koma itaikidwa pa masipika akuluakulu, zisekese zinayamba kulasa m'makutu, besi n'kumeza mawu a Aida. Azimayi ena anagwira m'makutu, woika nyimbo n'kuidula pakati.

Pobwerera Aida anandifunsa mosakalipa kuti, "Kodi iwe umamva bwinobwino? Masiku ano munthu akakuitana umachita kutembenuza mutu."

Nditaganizira, ndinaona kuti akunena zoona. Mantha anandigwira, poti munthu wogontha angapange bwanji nyimbo? Malume ndi amene anandikakamiza kupita kuchipatala. Dokotala atandiunika anati, "Achimwene, makutu anuwa ali bwino, angodzaza phula." Anandipatsa mankhwala odonthezera, kenako ananditsuka m'makutumo. Potuluka ndinamva ngakhale kulira kwa tcheni cha njinga ya kabaza. Ndinakhala pakhonde pomwepo kaye, mtima uli m'malo.

Nditafika kunyumba ndinamvetseranso nyimbo ija, ndipo ndinamva zimene anthu anamva kuukwati. Aida wavomera kuti tiikonzenso, tikawapatse akwatiwo ngati mphatso. Kodi ndichite chiyani kuti imveke yosalala ngati za pawailesi? Kapena mpaka situdiyo ya ku Blantyre?

K.D., Nsipe, Ntcheu.

Zikomo a K.D.,

Choyamba muwathokoze Aida ndi malume anu. Makutu otsekeka samva bwino mawu ang'onoang'ono okwera, n'chifukwa chake munkangowonjezera zisekese. Luso lanu silinapite kulikonse, ndipo ulendo wa ku Blantyre sukufunika panopa.

Tsitsani voliyumu ya zida zonse za m'nyimbomo muyambirenso kuzisakaniza. Yambani ndi ng'oma yaikulu ndi besi, chifukwa ziwirizi zimalimbirana malo. Chimodzi chizipereka mpata chinzake chikamalira. Zida zotsalazo, monga kiyibodi ndi zisekese, zichotseni kugunda kwa pansi konga kwa besi, sikufunika pa izo. Mukatero ikani mawu a Aida pamwamba. Ngati sakumveka, musathamangire kuwakweza, tsitsani chimene chikuwaphimba. Eko nayonso ikhale yochepa, ikachuluka woimba amamveka ngati ali m'chitsime.

Chipinda cha makoma osalala chimanamiza, choncho pachikani mabulangete kukhoma. Sankhani nyimbo ya chamba chanu imene mumaisirira, muziimvetsera mosinthanasinthana ndi yanuyo pa voliyumu yofanana. Kenako iyeseni pa foni, pa kawailesi ka m'golosale, ndipo ngati muli ndi mnzanu wa minibasi m'pempheni aiike. Ikamveka bwino monsemo, ndiye kuti yatheka.

Ntchito yomaliza, imene anzanu amaitcha masitalingi, ndi yongosalaza ndi kukweza nyimbo yonse pang'ono. Siikonza zimene zinalakwika posakaniza. Muichite tsiku lina makutu atapuma, ndipo musaipanikize nyimboyo kuti ifuule kuposa za ena, ingayambe kuthetheka. Musanaipereke kwa akwati, Aida aimve kaye, poti mnzanuyu sakubisirani.

Chenjezo langa ndi ili: musamatokose m'makutu ndi kamtengo ka machesi, ndipo mahedifoni azilira motsika moti munthu akakulankhulani muzimumva. Ulendo uno mwapulumuka chifukwa phula limatsukika, koma kugontha kobwera ndi phokoso kulibe mankhwala.

Aphungu.