Misozi Akufuna Kusiya Kainhela Pokwela Phili

Agogo,

Ndine mnyamata wa ku Ndake, ndimakonza njinga pamsika pano pa Nyimba. Sukulu ndinaisiyila giledi seveni, ine ndi aphunzitsi tinagwilizana kuti tatopetsana. Anthu amandidziwa ndi nthabwala, koma lelo mano ndabisa.

Loweluka likubwelali achinyamata a mpingo wathu tikukwela phili kukapemphela. Mwambo wake ndi uja: kunyamuka mamawa, osadya osamwa, pamwamba nsapato kuvula, kutsika ndi madzulo. Mlongo wanga Misozi akupita nawo. Iyeyo ali ndi mphumu kuyambila ali mwana. Nyengo ino ya fumbi, osaka mbewa akutentha tchile paliponse, chifuwa chake chimalila ngati pampu yanga yakutha ija.

Ndiye ndinati ndipeze kabokosi ka mankhwala a pangozi. Ku Petauke ndinaona mitundu iwili. Lina ndi bokosi lofiila, lalikulu ngati sutikesi ya mkwatibwi. Nditasuzumilamo, theka la zinthuzo sindinazidziwe, kaya n'zong'ambila njovu. Kena ndi kachikwama chabe, mabandeji ndi mapulasitala. Mnzanga Febian akuti ndikudzivuta. Ati, "Iwe, lezala, mphila ya chubu ndi kabotolo ka petulo, kwatha. Njoka ikaluma, manga, cheka, yamwa."

Koma chandilembetsa si bokosi lokha ayi. Mtsogoleli wathu, a Josphat, atamva anandiitana. Ati, "Mwana wanga, wokapempha machilitso atanyamula mankhwala akuuza Mulungu kuti sakumukhulupilila." Ine pakamwa sipachedwa. Ndinati, "Nanga magalasi anuwo, bambo, mukawasiya pansi pa phili?" Anzanga anaseka mpaka kugwilana. Iwo sanaseke.

Manje dzulo Misozi wandiuza kuti kainhela kake, kopopela m'kamwa kaja, akasiya kunyumba. Ati watopa kukhala wodwala wa m'kwaya, akufuna akachililetu. Ndinayesa kumuseleula monga mwa masiku onse. Anangondiyang'ana, n'kunena, "Iwe kwa iwe zonse n'zoseka."

Mawu amenewo andikhala pamtima, Agogo. Ndinamuonapo akubanika, milomo itada, akundikoka malaya osatha kutchula dzina langa. Sindifuna kuzionanso pamwamba pa phili pomwe ngakhale njinga siifika. Ndigule chiti, bokosi kapena kachikwama? Nanga munthu amene anthu anazolowela kumuseka, angatani kuti amumvele kamodzi kokha?

G. M., Nyimba

Mdzukulu wanga G. M.,

Za magalasizo nanenso ndaseka, koma wadzitsekela nazo khomo. Wamkulu ukamuchititsa manyazi pagulu sabwelela m'mbuyo, ngakhale mumtima aone kuti mwana wanena zoona. Pita kunyumba kwawo, chipewa m'manja, upepese. Ngati n'kotheka tengana ndi amayi ako. Ukatelo uwafotokozele za tsiku lija Misozi anakukoka malaya. Auze kuti pemphelo sukuletsa, koma amene anapatsa anthu nzelu zopangila kainhela ndi yemweyo amene mukukamupempha.

Za kugula, tenga kachikwama kaja. Iwe ukaitanidwa kukakonza njinga panjila sunyamula shopu yonse, umatenga zimene manja ako akuzidziwa. Bokosi lolemela mudzalisiya pansi pa mtengo musanafike pakati. M'kachikwamamo mukhale mabandeji, mapulasitala, nsalu zoyela zotsekela bala, sizasi, magolovesi, kasopo ndi Panado. Uwonjezele mapaketi a manzi a moyo, mchele ndi shuga wosungunula m'madzi uja, a munthu amene wafooka ndi dzuwa, komanso zitenje ziwili zolimba. Chitenje chimakoleka mkono wothyoka, ziwili pa mitengo zimanyamula munthu. Foni ikhale yodzaza moto, ndipo wanjinga yamoto mmodzi adziwe kumene muli. Madzi anyamulidwe ambili. Kusala ndi kwanu, koma wodwala mphumu asasale madzi padzuwa ngati ili.

Usanapite, tengana ndi Misozi kukiliniki. Namwino aone ngati kainhelako kakadali ndi mankhwala, anene ngati chifuwa chake chingapilile phili, ndipo akuphunzitse iwe kumanga bala ndi kuthandiza munthu wobanika. Ngati chifuwa chamugwila, mukhazikeni tsonga, osamugoneka, anthu asamuunjilile, apope monga anamuuzila kuchipatala. Chikapanda kumasuka msanga, tsikani naye pomwepo. Oimba aziimba mukuyenda.

Febian muuze lezala akametele ndevu. Bala limatsukidwa ndi madzi oyela ndi sopo, petulo ndi wa injini. Wolumidwa ndi njoka osamucheka, osamuyamwa, osamumanga mphila. Mwendowo usagwedezeke, munyamuleni mpaka kuchipatala. Ndipo poti pamwamba mumavula nsapato, yambani mwayang'ana pomwe mupondapo.

Chenjezo langa ndi ili. Kainhela kakhale m'thumba la Misozi mwini wake, osati m'chikwama chako, pakuti nthawi imeneyo iwe ukhoza kukhala kutsogolo ukuseketsa anthu. Akakana kukatenga, asakwele, ndipo iwenso utsale naye pansi. Phili silisamuka, lidzakudikilani.

Wafunsa kuti akumvele bwanji. Khala naye pansi awiliwili, nthabwala uzisiye kumsika, umuuze chimene wandiuza ine mozungulila: kuti ukuopa kumutaya. Mawu amenewo sanawamvepo pakamwa pako, ndiye chifukwa chake adzawamva.

Agogo